Kumanga Mabawuti ndi Muyeso: Kabuku ka Eni Ngolo, Njinga Zamoto, Zigayo ndi Makomiti a Mijigo

M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye ngolo zimakhala kalikiliki kututa chimanga, soya ndi mtedza kupita nazo pa Mitundu, pa Nathenje kapena pa Kamphata. Imeneyi ndi nyengo imenenso amakaniko ndi owotcherera amalandira matenda amodzimodzi tsiku ndi tsiku: bawuti ladukira mkati, nati yatha mazinga, tayala layamba kugwedera. Mwini katundu amadandaula kuti zitsulo za masiku ano n'zachabechabe, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma mabawuti ambiri amafa ndi dzanja la amene anawamanga. Wina amamanga mosakhwimitsa, bawuti n'kukhwefuka panjira. Wina, ndipo awa ndiye ochuluka, amalowetsa payipi ku sipanala n'kupondapo mpaka chitsulo chilire, poganiza kuti kumanga kwambiri ndiko kumanga bwino.

Bawuti lililonse lili ndi malire ake. Malirewo amadalira kulimba kwa chitsulo chake, kunenepa kwake, ndi chinthu chimene likugwira. Zonsezi mungathe kuzidziwa muli pakhomo panu.

Chimene chimachitika mukamamanga

Aliyense amene anamangapo thumba pa kaliyala ya njinga akudziwa khalidwe la legeni. Mukailambalika osaikoka, thumba limasuntha. Mukaikoka bwino imatamuka, ndipo kufuna kwake kubwerera ndi kumene kumapana thumbalo. Mukaikoka mopyola imafooka, kenako imaduka. Bawuti limagwira chimodzimodzi, kungoti kutamuka kwake n'kochepa kwambiri, maso sangakuone. Mukamazungulitsa nati mumakhala mukukoka bawutilo, ndipo ilo limapana zitsulo zimene lalumikiza kuti zisasunthe.

Mphamvu yopanayo si yamasewera. Bawuti la mamilimita 10 lolembedwa 8.8, likamangidwa pa muyeso wake, limapana ndi mphamvu pafupifupi matani awiri ndi theka, kulemera kwa matumba 50 a chimanga a makilogalamu 50. Bawuti lonenepa chimodzimodzi koma la 4.6 limafika tani imodzi yokha. Mukalikakamiza la 4.6 kuti lichite za 8.8, limatamuka osabwereranso, ndipo kuyambira pamenepo silipananso mokwanira ngakhale lioneke lomangika.

Chizindikiro chake mumachimva m'dzanja. Sipanala imalimba, imalimba, kenako mwadzidzidzi imayamba kufewa ngati nati yayambanso kuyenda. Musapitirize ndipo musalisiye pomwepo. Lichotseni mulitaye. Mukaliyang'ana padzuwa mudzaona kuti penapake m'mazinga lawonda, ndipo nati yatsopano ikafika pamenepo imakakamira.

Yambani mwawerenga pamutu

Musanagwire sipanala, pukutani mutu wa bawuti ndi kansanza kapena palani ndi waya. Pamabawuti ambiri pali manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho: 4.6, 4.8, 5.8, 8.8, 10.9 kapena 12.9. Manambalawa ndi a lamulo la padziko lonse lotchedwa ISO 898, choncho 8.8 wa ku Japan, wa ku South Africa ndi wa ku India amatanthauza chinthu chimodzi.

Nambala yoyamba imanena za kuduka. Ichulukitseni ndi 10 ndipo mupeza makilogalamu amene kadera ka milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi kangapirire kasanaduke: pafupifupi 40 pa 4.6, 80 pa 8.8, 100 pa 10.9. Nambala yachiwiri imanena pamene chitsulocho chimayamba kutamukiratu. Pa 8.8 ndi magawo 8 mwa magawo 10 a 80 uja, kutanthauza 64. Pa 4.6 ndi magawo 6 mwa 10 a 40, kutanthauza 24 basi. Ndiye kuti pa ntchito yeniyeni bawuti la 8.8 limaposa la 4.6 kawiri ndi theka n'kupitirira pang'ono, pomwe m'manja akufanana, ndipo pa benchi ya mumsika nthawi zina amakhala mu mulu umodzi.

Bawuti lopanda nambala iliyonse liwerengereni ngati la 4.6. Chimodzimodzi chitsulo chachitali cha mazinga okhaokha chimene amadula ndi sowo. Zimenezi n'zabwino pa geti, pa khola kapena pa denga, koma osati pa tayala, pa mabuleki kapena pamene goli likukoka.

Pali zizindikiro zina zimene mungakumane nazo. Magalimoto ambiri kuno ndi a ku Japan, ndipo mabawuti awo ena amakhala ndi nambala imodzi yokha: 4 ndi lofewa, 7 limayandikira 8.8 koma silifikapo. Mabawuti a muyeso wa ku America alibe manambala, ali ndi timizere pamutu: titatu ndiye kuti likufanana ndi 8.8, tisanu ndi kamodzi likufanana ndi 10.9, lopanda kamzere ndi lofewa. Mabawuti owala osachita dzimbiri amalembedwa A2-70 kapena A4-80. Kuwalako kusakupusitseni: A2-70 limayamba kutamukiratu msanga kuposa 8.8, ndipo mukalimanga mothamanga louma, nati imamatirira osayendanso kutsogolo kapena kumbuyo.

Nati nayo ili ndi nambala yake, 5, 8, 10 kapena 12. Bawuti la 8.8 limafuna nati ya 8 kapena kuposa, la 10.9 nati ya 10. Kugula bawuti lodula n'kuliika nati yopanda nambala ndi kutaya ndalama, chifukwa mazinga a natiyo ndi amene adzasuluke.

Za mabawuti achinyengo, alipo. Wopanga weniweni amadinda nambala pamodzi ndi chizindikiro cha fakitale yake, ndipo zilembo zimaoneka bwino. Ngati mwapita ku Lilongwe kukagula ku mashopu a zitsulo a ku Malangalanga, tengani bawuti lakale m'thumba mukayerekeze, ndipo kayikirani 10.9 amene mtengo wake ukufanana ndi wa lopanda nambala.

Nambala ya sipanala si kunenepa kwa bawuti

Tinazolowera kunena kuti "bawuti la 17" kapena "la 13", kutchula sipanala imene imalowa. Koma miyeso yomangira imatsata kunenepa kwa thupi la bawuti, kumene amalemba M6, M8, M10, M12. Kawirikawiri sipanala 10 ndi M6, 13 ndi M8, 17 ndi M10, 19 ndi M12, 24 ndi M16, 30 ndi M20. Msampha uli pa magalimoto ndi njinga zamoto za ku Japan ndi zina zotengera kapangidwe kake: kumeneko M8 imalowa sipanala 12, M10 sipanala 14, ndipo sipanala 17 ndi ya M12. Mabawuti ena atsopano a M10 amalowa 16, a M12 amalowa 18. Njira yosaphonya ndi kuika rula pa thupi la bawutilo.

Mathirakitala akale a Massey Ferguson, ma Land Rover akale ndi mainjini a Lister amene akadali m'zigayo zina ali ndi mazinga a mainchi. Ena mwa mazingawa ndi ochokera ku muyeso umene Joseph Whitworth anakhazikitsa ku England mu 1841. Nati ya mtundu wina imalowa kamodzi kapena kawiri kenako n'kukakamira. Nati yoyenera iyenera kuyenda ndi zala mpaka kukakhudza pansi. Ikakana, bwererani. Sipanala ikangoikakamiza, mazinga atha onse awiri.

Miyeso yake

Mphamvu yomangira amaiyeza m'ma Nm. Manambala ali m'munsiwa ndi a mabawuti a mazinga wamba, aukhondo, ouma, opana chitsulo ndi chitsulo chinzake. Mabuku amasiyana pang'ono, lina 49 lina 51 pa M10 la 8.8, koma kusiyana kumeneko kusakusowetseni tulo.

M6: la 4.6 ndi 4 Nm, la 8.8 ndi 10 Nm, la 10.9 ndi 14 Nm
M8: la 4.6 ndi 10 Nm, la 8.8 ndi 25 Nm, la 10.9 ndi 35 Nm
M10: la 4.6 ndi 19 Nm, la 8.8 ndi 50 Nm, la 10.9 ndi 70 Nm
M12: la 4.6 ndi 32 Nm, la 8.8 ndi 85 Nm, la 10.9 ndi 120 Nm
M16: la 4.6 ndi 80 Nm, la 8.8 ndi 210 Nm, la 10.9 ndi 300 Nm
M20: la 4.6 ndi 155 Nm, la 8.8 ndi 410 Nm, la 10.9 ndi 580 Nm

La 12.9, limene nthawi zambiri limakhala lakuda la bowo pamutu, limaposa 10.9 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pakhomo silifunika kawirikawiri.

Ngati makina anu anabwera ndi kabuku kake, nambala ya m'kabukumo ndiyo imalamula, osati yathuyi. Mabuku ena amalemba kgf.m, ndipo 1 kgf.m ndi pafupifupi 10 Nm. Ena amalemba ft-lb, ndipo 1 ft-lb ndi 1.36 Nm.

Kuyeza ndi sikelo yamumsika

Amakaniko a m'magalaja akuluakulu ali ndi sipanala yapadera, torque wrench, imene imalira kuti "tha" ikafika pa nambala imene mwaichuna. Ndi mabanja ochepa amene angaigule. Koma sikelo yopachika ija yoyezera soya ndi mtedza imagwira ntchito yomweyo, bola mudziwe kasamu kamodzi.

Mphamvu yomangira ndi makilogalamu amene mukukoka, kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsanso ndi kutalika kwa mpini m'mamita. Kuti musamavutike ndi samu tsiku lililonse, pezani payipi yolowa bwino ku sipanala, muyeze masentimita 50 kuchokera pakati pa mutu wa bawuti, mucheke kamzere pamenepo ndi sowo kuti ngowe ya sikelo izikhazikika. Pa masentimita 50, kilogalamu iliyonse ndi 5 Nm. Ndiye gawani nambala ya pamwambapa ndi 5. M10 la 8.8, limene likufuna 50 Nm, mukoke mpaka sikelo iwerenge makilogalamu 10. M12 la 8.8 ndi makilogalamu 17. M16 la 8.8 ndi makilogalamu 42, ndipo ngati n'zolemera, talikitsani payipi ifike mita imodzi mukoke 21.

Pa mabawuti ang'onoang'ono payipi isayandikire. Chekani kamzere pa masentimita 25 ngati sipanala ikufika, pamenepo kilogalamu iliyonse ndi 2.5 Nm, ndipo M8 la 8.8 likufuna makilogalamu 10. M6 la 8.8 ndi sipanala yake ya 10 imene ndi yaifupi dala: makilogalamu 6 kapena 7 kunsonga kwake akwana.

Pokoka, sikelo ipingase mpini, isatsetsereke cham'mbali, chifukwa ikapendekeka imawerenga zambiri pomwe bawuti lalandira zochepa. Kokani pang'onopang'ono, mosadzidzimutsa, ndipo werengani nati ikuyenda. Ikaima musanafike pa nambala, kuti iyambenso kuyenda imafuna mphamvu yoposa, choncho ibwezeni pang'ono muyambirenso. Gwiritsani sipanala yozungulira mutu wonse kapena bokosi, osati yotsegula kukamwa imene imapulumuka n'kukuswani zala.

Tonse tikudziwa kuti si sikelo iliyonse ya pamsika imene imanena zoona, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo a malonda. Yanu iyeseni nokha: malita 5 a madzi ndi makilogalamu 5, kuonjezera kachigubu kake.

Samu yomweyi ikuonetsa kuopsa kwa kuponda. Bambo wa makilogalamu 70 akaima kunsonga kwa payipi ya masentimita 50 wapereka 350 Nm, ndipo akadumphapo ndiye kuposa pamenepo. Pa payipi ya mita imodzi ndi 700 Nm. Manati a tayala la galimoto zing'onozing'ono za Toyota amafuna 103 Nm. Bambo wopondapo uja wapyola katatu, ndipo mabawuti a tayalalo adzadukira pa msewu wa M1 galimoto ili pa liwiro, osati pa malo pomwe anamangirapo. Kulemera kwa thupi kuli ndi malo ake pa mabawuti akuluakulu okha. M20 la 8.8 limakwanira munthu wa makilogalamu 70 ataima mwakachetechete pa masentimita 60, payipi itagona mopingasa.

Oyilo, dzimbiri ndi dothi

Mwa mphamvu yonse imene mumaika pa sipanala, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amathera pa kukhulana kwa mazinga ndi pansi pa nati. Gawo limodzi lokha ndi limene limakoka bawuti. Tsono kukhulanako kukasintha pang'ono, kukokako kumasintha kwambiri. Mukapaka oyilo kapena girisi n'kumanga pa nambala ya bawuti louma, mwalikoka mopyola. Ngati mwapaka, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi: 50 Nm ikhale 38, 85 ikhale 64. Pa manati a matayala musapake chilichonse pokhapokha kabuku katanena.

Dzimbiri ndi dothi zimachita zosiyana ndi zimenezi. Sipanala imalimba msanga, inu n'kumati lamangika, pomwe bawuti silinakokedwe n'komwe. Katondo wa m'misewu yathu akalowa m'mazinga amachita zomwezo. Tsukani ndi palafini, palani ndi bulashi ya waya, pukutani ziume. Palaninso malo amene zitsulo zikukhudzana. Dothi kapena penti wokhuthala akatsala pakati, amaphwanyika makina akayamba kugwedezeka, ndipo bawuti limakhwefuka nati isanazungulire n'komwe.

Bawuti la 8.8 kapena kuposa limalimba chifukwa linawotchedwa ndi kuziziritsidwa mwa luso ku fakitale. Mukaliwotcherera kapena kulifiiritsa pamoto kuti limasuke, kulimba kuja kwapita, ngakhale nambala ikuonekabe pamutu.

Pamene manambala aja sagwira

Chimene chimalamula ndi chofooka pakati pa bawuti ndi chinthu chimene lalowamo. Pa injini ya njinga yamoto, kaya ndi Lifo, King Lion kapena Boxer, mabawuti ambiri amalowa mu aluminiyamu. Ngakhale bawuti likhale la 10.9, mazinga ali mu injinimo ndi ofewa. Timabawuti ta M6 ta m'mbali mwa injini tisapyole 10 Nm. Bawuti lotulutsira oyilo pa njinga zambiri zing'onozing'ono limafuna pakati pa 20 ndi 25 Nm, ndipo likamadontha mankhwala ake ndi washala yatsopano, osati kuonjezera mphamvu. A kabaza amasintha oyilo pafupipafupi, n'chifukwa chake bowo limeneli ndi limene limayamba kutha mazinga. Pulagi ya mazinga a mamilimita 10 imafuna 10 mpaka 12 Nm, ya mamilimita 14 imafuna 25 mpaka 30. Ilowetseni ndi zala injini itazizira. Ngati ndi yatsopano, ikakhudza pansi onjezerani pafupifupi theka la kuzungulira. Ngati inagwirapo kale ntchito, kachigwedezo kakang'ono kakwana, chifukwa washala yake inaphwatalala kale.

Pa matabwa a ngolo iwalani manambala. Ikani washala yaikulu, mumange mpaka iyambe kuluma thabwa, muime. Matabwa amafufuma ndi mvula n'kunyala m'chilimwe, choncho bwerezani kumanga pofika Seputembala kapena Okutobala, ndiponso pakapita milungu ingapo ngati matabwawo anali aawisi.

Nati yaikulu ya pakati pa habu, imene imagwira mabelingi osongoka, siyomanga ndi mphamvu. Imangeni uku mukuzungulitsa tayala mpaka kugwedera kuthe, muibweze pang'ono kufika pa bowo loyandikira, mulowetse pini yake. Msomali wopinda si pini. Mukayenda pang'ono gwirani habuyo. Ikatentha moti dzanja silingakhalepo, mwathinitsa.

Pa zipangizo zina zokokedwa ndi thirakitala pali bawuti limene analipanga lofooka dala kuti lizidukira zinzake khasu likagunda chitsa kapena mwala. Likaduka, bwezerani la nambala yomweyo. Mukaikapo 10.9 chidzathyoka ndi chitsulo chodula.

Matayala a ngolo ndi galimoto

Ngolo zambiri kuno zimayenda pa ekiselo ndi malimu a galimoto zakale, choncho malamulo a galimoto ndi omwewo. Lowetsani manati onse ndi zala, mbali yosongoka ikuyang'ana ku limu. Mangani modumphadumpha, uyu kenako wa kutsidya kwake, osati motsatana, ndipo chitani maulendo awiri: koyamba theka la muyeso, kachiwiri muyeso wonse tayala litakhudza pansi. Galimoto ikayenda makilomita 50 yesaninso. Ngolo, yesaninso ikatsitsa katundu wa ulendo woyamba. Bowo la limu likakula n'kukhala ngati dzira, palibe kumanga kumene kungathandize.

Malole ena a ku Japan, monga Canter ndi Dyna, ali ndi mazinga obwerera kumbuyo pa matayala a kumanzere, ndipo pansonga pa bawuti pamadindidwa L. Pedulo ya kumanzere ya njinga yakapalasa ilinso choncho. Ambiri amadula mabawuti amenewa akuganiza kuti akumasula.

Chigayo ndi mjigo

Nyundo za chigayo zimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo kunjenjemera kumeneko kumafunafuna bawuti lililonse losakhwima. Pa nyumba za mabelingi ndi pa miyendo ya injini ikani 8.8, mumange pa muyeso, chigayo chitazima ndi lamba atachotsedwa. Nyumba za mabelingi ndi chitsulo chosungunula chimene sichipindika koma kusweka, ndiye pansi pake pakhale posalala, ndipo mumange mbali ziwirizo mosinthanasinthana. Washala yodula ija yokhala ngati sipuling'i musaidalire kwambiri. Nati yokhala ndi pulasitiki mkati, kapena manati awiri omangidwa mothinana, zimagwira bwino kuposa iyo. Mazinga awiri kapena atatu azitulukira kunja kwa nati.

Mijigo yambiri m'midzi yathu ndi ya Afridev, pampu imene chiyambi chake chinali konkuno ku Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Anaikonza kuti komiti ya m'mudzi izitha kuitsegula ndi sipanala imodzi ya 24, ndipo mpini wa sipanalayo ndi wokwanira: mayi kapena bambo mmodzi akoke ndi manja mpaka ilimbe, popanda payipi kapena mwala. Vuto la pa mjigo nthawi zambiri ndi kulekerera. Manati a mapini a chogwirira akakhwefuka, chogwiriracho chimayamba kupita uku ndi uku, ndipo chimadya mabushi ndi mabowo a mutu wa pampu, zimene mtengo wake umaposa wa nati kutali. Komiti isankhe tsiku limodzi pa sabata loyesa manati onse.

Pa makina alionse, mukamaliza kumanga jambulani kamzere ka penti kapena ka polishi wa zikhadabo kuchokera pa nati kufika pa chitsulo chimene yakhalapo. M'mawa musanamange ng'ombe pa goli kapena kuliza injini, ingoyang'anani timizereto. Kamzere kakasemphana, nati yayenda. Imasuleni, muone ngati bawuti silinawonde, mupukute mazinga, mumangenso ndi sikelo. Ikayendanso kachiwiri pa malo omwewo, sinthani bawuti ndi nati pamodzi, ndipo muonetse makinawo kwa makaniko aone ngati bowo silinakule kapena chitsulo sichinang'aluke.